Muzu Sunama

Kwathu kuli mayi oweta njuchi amene satsutsana ndi munthu chimanjamanja. Amayamba atenga khasu. Kumpanda kwawo amasiyako dala chitsamba chaminga cha maluwa ofiirira, poti njuchi zawo zimachikonda. "Ana a mimba imodzi amasiyana mtima," amatero, "zitsamba nazonso n'chimodzimodzi."

Tsiku lina alamu awo a nyumba yoyandikana anabwera akukalipa, atatengana ndi eni malo amene mayiwo amakhalapo. "Minga yanuyi yandithera dimba, alamu! Musamuke ndi ming'oma yanu yomwe."

Mayiwo anatenga khasu. Anazula chitsamba chawo: masamba aubweya, muzu umodzi woloza pansi ngati karoti. Kenako analowa m'dimba la alamuwo n'kukumba chinzake cha masamba osalala ndi timaluwa ting'onoting'ono. Muzu wa ichi unali woyanga cham'mbali ngati chingwe. Anaulondola akukumba, mpaka unakathera kuseri kwa bafa la alamuwo, kumene khasu silinafikeko chimangireni nyumbayo.

Eni malo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Changa chimakhala pomwe ndachisiya," anatero mayiwo, akupereka khasu. "Choyendayenda ndi chanuchi. Gwirani, alamu, ine njuchi zikundidikira."