Chala cha apongozi pa esi ya supedi

Buliji, masewera a makadi a anthu awiriawiri, tinkasewera Loweruka masana pakhonde la kalabu ya esiteti, chiperoni chitakuta minda ya tiyi. Azungu amene anabwera ndi masewerawa ambiri anali atapita, n'kutisiyira tebulo la nsalu yobiriwira ndi malamulo awo. Ine ndinali namwino pachipatala cha esiteti, ndipo mnzanga pamakadi anali ahedi a pasukulu. Mbali inayo kunali akalaliki aakulu a kufakitale, bambo odziwa makadi koma osakonda kutsutsidwa. Mnzawo wa masiku onse atasamutsidwa, anabwera ndi mkamwini wawo, wothandizira manejala wa kumunda, kuti amuyese. Akakhoza, ndiye akanakhala wachinayi popita ku Mulanje kukapikisana ndi kalabu ya kumeneko. Mpandowo ankaufuna kwambiri, moti mkazi wake anandiuza kuti amayala makadi yekha pamphasa akaweruka.

Lamulo lina la buliji silinapangidwire kwathu kuno. Pa mbali imene yalonjeza kudya kambiri kuposa inzake, mmodzi amayala makadi ake poyera n'kukhala chete, mnzake ndiye amatchula khadi loti liponyedwe. Ulendo umenewo oyala anali apongozi, wolamula n'kukhala mkamwini, munthu amene akakumana nawo pamsewu wa ku Luchenza ankavula chipewa adakali kutali.

Analonjeza kudya kasanu ndi kanayi, popanda mtundu wa makadi wodula unzake. Ine ndinali ndi masupedi asanu amphamvu, ndipo ndinatsogoza kingi. Pa makadi a apongozi panali esi ya supedi, khadi loposa kingi, ndi timasupedi tiwiri tating'ono, komanso madayamondi ambiri osowa kingi. Mkamwini ankawerenga makadi chamumtima, ndipo ndinaona kuti njira waipeza. Anayenera kundilekerera ndidye kawiri, esi n'kuitulutsa kachitatu, kuti masupedi athe m'manja mwa ahedi. Akanatero, ahedi ngakhale akanadya ndi kingi ya dayamondi sakanakhala ndi supedi yondibwezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye kudekha anali nako.

Amene analibe anali apongozi. Woyala saloledwa kuyankhula kapena kuloza, ndipo iwo sanayankhuledi. Anangoika chala pa esi ija n'kuisendeza pang'ono, ngati munthu wosendezera mlendo mbale, maso ali kuminda.

Mkamwini anayang'ana chalacho nthawi yaitali. Ine ndi ahedi sitinatsutse, chifukwa chalacho chinkatigwirira ntchito ife.

"Esi yomweyo, bambo," anatero motsitsa mawu.

Zotsalazo sizinatenge nthawi. Anayesa madayamondi, ahedi anadya ndi kingi n'kubweza supedi, ine ndinadya kanayi motsatizana. Lonjezo linaperewera kamodzi kokha.

Apongozi anasonkhanitsa makadi n'kufunsa chimene anathamangira ndi esi. Kenaka anamuphunzitsa bwinobwino njira yodikira ija, yomwe iye anali ataiona kale, ngati kuti chala chija chinali cha munthu wina wakutali, wa kwa Changata. Ndikhulupirira kuti sanadziwe n'komwe kuti anagwira khadi. Kufakitale anazolowera kuloza, anthu n'kumachita.

"Ndinafulumira, bambo. Pepani," anayankha mkamwini.

Ndinamumvera chisoni, koma za m'banja la eni sungaziloze pa tebulo la makadi. Ahedi anaitanitsa tiyi, tinagawa makadi ena.

Pa ulendo wa ku Mulanje apongozi anasankha wa maakaunti wa pa esiteti, munthu amene ankaiwala makadi otuluka kale. Popeza galimoto ya esiteti inali m'manja mwa mkamwini, iye ndi amene anatiyendetsa. Titadutsa Luchenza, apongozi anacheukira kumbuyo n'kutiuza kuti mwana wawo anakwatiwa bwino, mwamunayo ndi waulemu kwabasi, kungoti pamakadi saganiza.

"Zoona, bambo," anatero mkamwini, n'kusintha giya.