Chinangwa Chomwe Ndinalondera

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene khate linalowa m'munda wathu wa chinangwa, pachitunda cha kumtunda kwa Chikale ku Nkhata Bay. Masamba anakwinyika ngati awauka, n'kuchita mawanga achikasu, ndipo ukazula phata unkapeza timizu tonga zala za khanda. Bambo anali ku Joni, osamveka. Pakhomo tinalipo amayi, ine ndi ang'ono anga awiri. Kwathu chinangwa chikakanika palibe kothawira, chifukwa chimanga sichinkachita pamiyala paja.

Mvula ili pafupi kunabwera anthu ofufuza za mbewu. Galimoto yawo inalephera kukwera chitunda, motero anafika wapansi, thukuta lili kamukamu, atasenza mitolo ya mitengo ya chinangwa. Wotsogolera anali mayi wina wa ku Dedza, a Nachisale, wamfupi, wovala majombo. Iwo Chitonga sankachimva, amayinso Chichewa chawo chinali chodukaduka, ndiye womasulira ndinali ine.

Anapempha chigawo chakumunsi cha munda, chomwe chinali chachonde kuposa pena ponse, kuti ayeserepo mitundu yatsopano. Anakhoma zikhomo, nadzala mtundu uliwonse pandime yakeyake. Malamulo anali oti tisathyolepo chigwada, tisakumbe, ndipo tisapatse munthu aliyense mbewu mpaka iwo adzabwere kudzakolola. Amayi anavomera ndi manja awiri. Anangomva kuti mbewu yatsopano, basi mtima unakhala pansi kuti njala yatha.

Ntchito yolondera inagwera ine. Ndikaweruka kusukulu anzanga ankatsetserekera kunyanja kukasambira, kapena kudoko kukaonerera anthu akutsika mu Ilala, ine ndili pamwala ndi kachikwapu, kupirikitsa mbuzi ndi apusi. Ndinkamva kulira kwa sitima ndili ndekha, nyerere zikundiluma m'miyendo.

Ndime imodzi inaphuka modabwitsa. Mitengo yake inali yonenepa, masamba obiriwira bii, opanda banga ngakhale limodzi. Anthu odutsa ankaima n'kugwira pakamwa. Kuseri kwa zikhomo chinangwa chathu chinkangofota, ndipo ndiwo zikasowa tinkathyola masamba okwinyika omwe aja, ofewa ali pomwepo kutiyang'ana. Tsiku lina ndinafunsa a Nachisale atabwera kudzayeza kutalika kwa mitengo.

"Bwanji osangotipatsa uwu tidzale munda wonse? Mwauona kale kuti ndi wabwino."

"Taona masamba okha, Tamala. Dikira."

Mawu oti dikira ndinadana nawo kuyambira tsiku limenelo.

Ndiye kunabwera asibweni, mlongo wawo wa amayi, msodzi wa ku Mwaya amene ankatisiyira usipa pakhomo akapha bwino. Munda wawonso unali utatha ndi khate, ana ali asanu. Anandipeza pamwala paja, chikwanje chili m'manja.

"Mwana wa mlongo wanga, ndidulako pang'ono chabe. Anthu akowo sadzadziwa."

Ndinaima kutsogolo kwa ndime. Ndinawauza kuti amayi analonjeza, ndipo akadula ndikanena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analavula pambali.

"Wasanduka mlonda wa alendo, ukuwamana abale ako mtengo?"

Anatsika chitunda osatembenuka. Usipa unasiya kubwera. Kutchalitchi ankawalambalala amayi ngati sawadziwa, ndipo akazi awo anafalitsa zoti tikufuna kulemera tokha. Amayi anandiuza kuti ndinachita bwino, koma ananena akuyang'ana kumbali, ndipo sindinawakhulupirire.

Tinadikira chaka chathunthu. Tsiku lokolola anthu anadzaza m'munda, asibweni ali kumbuyo atapinda manja. Ofufuza aja anayamba ndi ndime yokongola ija. Phata loyamba litazulidwa anthu anakuwa, chifukwa mizu inali ngati mikono ya munthu wamkulu. A Nachisale anatenga mpeni n'kudula muzu umodzi pakati. M'kati munali mikwingwirima yofiirira, youma ngati chikuni chofumbwa. Anadula wina, n'chimodzimodzi. Anadula kufikira phata lomaliza. Amayi anatola chidutswa, anachinunkhiza, n'kuchiponya pansi. Chinangwa chotere ngakhale uchiviike bwanji, kondowole wake sangadyeke.

A Nachisale anatifotokozera kuti mtunduwo umapirira khate koma umagonja ku matenda ena oola mizu, amene amavuta m'mbali mwa nyanja. Kenaka ananena mawu omwe anandiwawa kuposa zonse.

"Komabe tapeza yankho. Uwu sitingaupereke kwa alimi."

Sindinamasulire. Ndinawayankha ndekha, misozi ili m'maso, kuti yankho sitidya, kuti malo athu abwino apita pachabe, kuti asibweni satiyankhulanso chifukwa cha zinthu zoola. Amayi ananditsina kuti ndikhale chete. A Nachisale sanakwiye. Anangoti, "Ukunena zoona, mwanawe," n'kupitiriza kuika mizu pasikelo.

Asibweni anasendera, natola muzu umodzi, n'kuutembenuza uku ndi uku.

"Ndiye mumandimana izi?"

Anaseka, ena n'kusekanso. Sanapepese, ifenso sitinawakumbutse kuti akanadula tsiku lija bwenzi atadzaza munda wawo ndi matenda. Patapita milungu anatumiza mwana wawo ndi kambale ka usipa, koma kucheza kwawo ndi amayi sikunabwererenso mwakale.

Ndime ina yomwe sitinkaiwerengera, ya mitengo yopyapyala, inatuluka ndi mizu yapakatikati koma yoyera m'kati. Tinakondwa kuti mwina ofufuza aja atisiyira imeneyo. Ayi ndithu, anati aiyesenso chaka china, m'minda ina, kuti atsimikize. Anatisiyira mizu yoti tidye, mitengo anamanga mitolo n'kunyamula. Mbewuyo inadzafika kwa alimi ine nditachoka kale kupita ku sekondale yogonera komweko, mng'ono wanga wachiwiri atasiya sukulu n'kuyamba kupalasa bwato.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndimadziwa kuti a Nachisale sanalakwitse. Akanamvera kulira kwanga, mbewu yoola ikanafalikira mpaka ku Mwaya, ndipo njala yake ikanaposa ya khate. Ndinaphunzira kusathamangira chinthu chifukwa chaoneka bwino kunja. Koma mkwiyo uja sunathe wonse. Iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti kuyesa kumatanthauza kuti zikhoza kukanika, pamene amayi ankaganiza kuti alandira thandizo, ndipo palibe anakhala nawo pansi kuwauza kusiyana kwake. Ofufuza zinthu zikakanika amakayambiranso kwina. Ife tinatsala pachitunda pomwepo, ndi maenje oti tikwirire mvula isanabwere.