Tsiku Limene Ndinalembera Cheke Munthu Wakufa

Ntchito ya kwa a Loya ndinaipeza chifukwa cha nyuzipepala imene inafa. Chisankho cha zipani zambiri chisanachitike, nyuzipepala zinkamera ngati bowa, ndipo ine ndinkatayipa nkhani pa imodzi mwa izo ku Lilongwe. Chisankho chitatha, mwini wake anapeza zina zochita, n'kutseka chitseko. Ndinabwerera kwathu ku Dowa ndi chikwama chimodzi komanso luso limodzi: ndinkadziwa kompyuta, chinthu chimene pa Boma ponse tinkachidziwa anthu owerengeka.

Amene anandiuza za ntchitoyo ndi a Che Amidu, mwini sitolo ya pafupi ndi siteji ya magalimoto. Ndinkagula sopo.

"Agnesi, loya watsopano uja wagula wailesi yakanema yopanda zithunzi," anatero. "Waifunditsa chitenje ngati mwana wodwala malungo. Pita ukaidzutse."

Ofesiyo inali zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Mwini wake, anthu onse ankangomutcha a Loya. Milandu yawo yambiri inali ya malo, ya ngozi ndi ya chuma cha masiye. Munali makabati awiri achitsulo odzaza mafayilo omangidwa ndi chingwe, foni yogwira ntchito ikafuna, ndi kompyutayo, imene inali ndi mapulogalamu awiri.

Yoyamba inali ya maakaunti. Loya amasunga ndalama m'matumba awiri: za ofesi, ndi za anthu. Za anthuzo ndi zimene zimabwera m'dzina la kasitomala, monga chipukuta misozi, ndipo loya amangozisunga. Akazipereka kwa munthu wolakwika, chiphaso chake chimapita. Yachiwiri inali kaundula wa mafayilo: nambala ya fayilo, dzina, mudzi, ndi makalata onse otayipidwa pa nkhaniyo. Vuto linali lakuti mapulogalamu awiriwa sankadziwana. Ya maakaunti inkadziwa anthu ndi mayina, ya mafayilo ndi manambala.

"Ndikufuna ndikatsegula dzina la munthu, ndione zonse, ndalama ndi mapepala omwe," anatero a Loya. "Mwezi umodzi ukwana?"

Ndinavomera asanamalize n'kufunsa.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Ndinkatulutsa mndandanda wa maakaunti pa disiketi, n'kuusindikiza pa makina a liboni olira ngati chigayo. Ndinkauyala pambali pa mndandanda wa mafayilo, rula m'manja, n'kulemba ndi pensulo nambala ya fayilo pafupi ndi dzina lililonse. Kenako nambalayo ndinkailowetsa m'kabokosi kamene kanali kopanda kanthu mu pulogalamu ya maakaunti. Ikalowa, mapulogalamu aja ankapezana. Magetsi ankazima osatsanzika, choncho ndinkasunga ntchito pakapita mayina asanu alionse.

Sabata yachitatu inakwana ndisanafike theka. A Loya ankangoyendayenda kumbuyo kwanga, makiyi a galimoto akulira m'thumba. Chinkandichedwetsa kwambiri ndi mayina obwereza. Kalaliki amene analipo ine ndisanabwere ankatsegulira munthu mmodzi mafayilo awiri akaiwala kuti ilipo kale. Njira yoyenera inali kupita ku kabati, kumasula zingwe, kuwerenga mafayilo onse awiri. Ndinachita zimenezo kakhumi, ndipo kakhumi konse anali munthu mmodzi. Ndiye ndinadzipangira lamulo langa: dzina likafanana, mudzi n'kufanananso, ndi munthu mmodzi, phatikiza.

Dzina lakuti Kalichero wa kwa Dzoole linali pamndandanda kawiri. Ndinaphatikiza, sindinadzuke n'pampando pomwe.

Mwezi utatha ntchito yonse inali itatha, ndipo a Loya anasangalala kwambiri moti analamula kuti kasitomala aliyense timutumizire kalata yosonyeza ndalama zake zimene tikusunga. Ndinasindikiza, ndinapinda, ndinamata masitampu.

Tsiku lovuta linali Lachiwiri, nyengo yozizira, fodya ali pamsika. A Loya ankathamangira ku khoti ku Ntchisi. Injini inali italira kale pamene analowa bambo wina wamtali, wa jekete yaikulu, kalata yathu ataipinda kanayi.

"Ndine Kalichero wa kwa Dzoole. Mwandilembera kuti muli ndi ndalama zanga. Ndabwera."

Anandionetsa buku lake la kubanki, limene ankalandilira za fodya. Dzina linali lomwelo. Ndinatsegula kompyuta, ndalama zinalipo, zambiri ndithu. Ndinalemba cheke n'kuthamangira nacho panja.

"Makina akuti chiyani?" anafunsa a Loya, mkanjo wakuda uli pamkono.

"Akuti zilipo."

Anasainira pamwamba pa galimoto n'kunyamuka. Bambo uja analandira cheke ndi manja awiri, anathokoza, ulendo wa ku siteji.

Chinatsala ndi kuika pepala la malipirolo mu fayilo yake. Ndinakoka kabati. Mafayilo a Kalichero anali awiri, wina woonda, wina wonenepa. Woondayo unali mlandu wa ng'ombe zimene zinadya chimanga cha mnansi, unatha kalekale. Wonenepayo nditamasula chingwe, pepala loyamba linali chikalata cha imfa. A Kalichero anamwalira lole ya fodya itagubuduzika pa mtsetse wina wa m'mapiri athu omwewa. Pansi pake panali chigamulo cha khoti: chipukuta misozi chipite kwa mkazi wawo, Nachisale, ndi ana anayi.

Ndinakhala pansi, ndinadzukanso. Mu fayilo yoondayo, pansi pa dzina, kalaliki wakale analemba timawu ting'onoting'ono ndi pensulo: "Filipo, mwana wa mlongo wa malemu." Apo m'pamene mutu unagwira. Bambo uja sananame. Kwathu kuno mwini mbumba akamwalira, mwana wa mlongo wake amalowa dzina. Filipo analidi Kalichero, mudzi wonse unkamuitana choncho. Mwambo umenewu ndinakula nawo, amalume anga enieni analowa dzina ine ndikuona. Koma nditakhala pa kompyuta ndinauiwala ngati mlendo.

Foni ya mu ofesi inali chete kuyambira Loweruka. Ndinanyamula mafayilo onse awiri, ndinakhoma chitseko, liwiro kukaimba foni kwa a Che Amidu. Ku banki ku Lilongwe anandiyankha mosathamanga: "Pa foni sitiimitsa cheke, mayi. Tikufuna kalata yosainidwa ndi mwini akaunti." Mwini akauntiyo anali pa msewu wa ku Ntchisi.

"Munthu wako ndi uyo," anatero a Che Amidu akuloza ndi mlomo. "Matola sanadzaze."

Anali atakhala pa tayala kumbuyo kwa galimoto yapikapu. Ndinamupempha kuti titsike tikambirane. Anakana mwaulemu. Anati banki imatseka msanga. Ndiye ndinakwera, ndinakhala pa thumba la nyemba moyang'anizana naye, mafayilo pamiyendo. Galimoto inanyamuka.

"Bambo, cheke chimenecho ndalakwitsa ndine. Ndalamazo si zanu."

"Achemwali, ine ndinakupemphani? Mwandilembera kalata ndinu. Dzina ndi langa. Makina anu omwe avomera."

"Makinawo ndinawasokoneza ndine. Ndalamazo ndi za ngozi ya malemu."

"Ndiye bwino lomwe. Malemuwo tsopano ndine."

Anthu anayamba kutchera khutu. Galimoto inkadumpha m'mabampu, fumbi likulowa m'kamwa, ine ndikuwerenga chigamulo mokuwa, chala chikutsetsereka pamzere. Nditafika pa dzina la Nachisale, bamboyo anakweza dzanja.

"Ana amenewo ali ndi amalume awo kwa amayi awo. Ndi mmene timakhalira, musachite ngati munabadwira ku Ulaya. Maliro ndinayendetsa ndine. Bokosi ine, ufa ine, mbuzi ya adzukulu ine. A khoti analipo?"

Ndinangonena zimene ndinkadziwa: kuti chekecho chikasinthidwa, a Loya alandidwa chiphaso, ine ndimangidwa, ndipo apolisi adzafikanso kwa iwo.

"Kumangidwa kwanu ndi kwa inu ndi bwana wanu," anatero.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wonenepa, wa dengu la tomato.

"Nachisale wake uti? Wogulitsa zitumbuwa pa Dzoole uja? Amene mwana wake anamubweza ku sekondale chifukwa cha fizi?"

Mayiyo anatembenukira bamboyo.

"Ee, a Kalichero! Dzina munalowa, koma pansi pa lole simunaloweko ayi. Anaphwanyika ndi ena, chipukuta misozi mudye inu? Misozi yake iti?"

Ena anaseka, ena anati mayi asalowerere za eni. Mayiyo sanasiye. "Ine ndibwerera lero lomwe. Nkhaniyi ikafika kwanu inu musanafike. Malemu aja dzinalo analisunga bwino, sitinamvepo kuti adyera ana."

Tinayenda mtunda ndithu. Ine ndinkangoyang'ana thumba la jekete limene munali cheke, ndikuwerenga mumtima makilomita otsala. Kenako bamboyo anandifunsa chapansipansi:

"Nanga zangazo, za mlandu wa ng'ombe, zatsala zingati?"

Ndinatsegula fayilo yoonda ija n'kumuuza. Sizinkakwana ndi thumba limodzi lomwe la feteleza. Galimoto yonse inafa ndi phwete, iyenso anapukusa mutu akumwetulira mowawidwa.

Pa Lumbadzi anamenya denga la galimoto kuti iime. Anatsika, ine pambuyo pake. Anatulutsa cheke, anachiyang'ana nthawi yaitali, ngakhale ndikukhulupirira kuti manambala okha ndi amene ankatha kuwerenga.

"Sikuti ndaopa apolisi," anatero. "Ndaopa pakamwa pa mayi uja." Anandipatsa. "Thiransipoti yobwerera mulipira ndinu. Mwandiyendetsa ulendo wachabe."

Ndinalipira, ndipo tinabwerera limodzi.

A Loya anafika cha m'ma folo koloko. Ndinawayalira patebulo cheke ndi mafayilo awiri aja, n'kufotokoza zonse, kuphatikizapo lamulo langa lachidule lija. Anamvetsera ataima. Anajambula mizere iwiri pachekecho, analemba kuti chathetsedwa. Ndinkadikira kuti anene kuti nditenge chikwama changa.

"Ndi mayina angati munaphatikiza osatsegula kabati?"

Ndinawauza.

"Inenso ndinasaina osatsegula," anatero. Anatulutsa kiyi wa makabati n'kuuika pa tebulo langa. "Yambaninso. Fayilo iliyonse muimasule chingwe."

Ntchito ya mwezi umodzi ija inanditengera miyezi itatu. Ndinapeza mayina ena awiri olowedwa chimodzimodzi, lina la ku Chezi. Kuyambira pamenepo mapulogalamu awiriwo ankalumikizana ndi nambala ya fayilo yokha, osati dzina. Nkhani iliyonse inali ndi nambala yake ndi akaunti yake, ngakhale munthu atakhala yemweyo. Ndipo cheke cha ndalama za anthu sichinkasainidwa popanda fayilo yotsegula patebulo.

Ndinabwerera ku ntchito ya nyuzipepala patapita zaka zingapo, koma chizolowezi chija sichinandichoke. Munthu akandipatsa dzina kuti ndilembe, ndimafunsa kuti wake uti, wobadwa kwa yani, ali moyo kapena ayi. Anzanga amati ndimachedwetsa nkhani.

Nachisale anabwera patatha milungu iwiri kuchokera tsiku lija, mwana wake wa ku sekondale uja ali pambali. Anadinda chala pa pepala lolandilira. Panafunika mboni, ndipo anali atabwera nayo, inali panja itakhala pa khonde. Atalowa ndinaona jekete yaikulu ija. Anatenga cholembera, analemba pang'onopang'ono kuti Kalichero, kenako anandiyang'ana.

"Achemwali, lembani pambalipo kuti wamoyo. Makina anu angasokonezekenso."

Ndinalemba.