Kaseti ya Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Nkhungu inali itakuta minda ya kachewere, ndipo amayi amene anachezera kuimba pamaliro ankasonkha moto kuseri kwa nyumba. Pa mfundo ya chitenje changa ndinali nditamangapo kaseti ya achimwene.

Ali m'chipatala ku Boma anandigwira dzanja. "Mlongo wanga, pondiika mudzalize iyi pa wailesi. Musadzaope anthu." Ndinalonjeza.

Ndi nyimbo yachikondi ya woimba wakuda wa ku Amereka, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Imayamba ndi limba, pang'onopang'ono, ng'oma ikugunda ngati mapazi a munthu wosenza katundu. Mwamunayo amadandaulira mkazi womuthawa, mawu ake osasa, akazi atatu akumuyankha ngati kwaya. Achimwene, amene ankaphunzitsa kwaya yathu, ankati oimbawo anakulira m'tchalitchi. Nyimbo ya maliro imene mpingo wathu waimba zaka zonsezi achimwene anaitenga pa nyimbo yachikondiyi, n'kuikamo mawu a m'Masalimo. Ndinkaganiza kuti wodziwa zimenezi ndine ndekha.

Dzuwa likukwera anthu anachuluka, ena pa kabaza kuchokera ku Nsipe, ena wapansi kutsika m'mapiri. Ndinawatengera pambali akatekisiti n'kuwafunsa ngati ndingalize kaseti ija kumanda.

"Nyimbo za m'mabala kumanda, mayi?" anatero. "Inu amene mumatsogolera kolona?"

Ndinati ndimangofunsa.

Paulendo wa kumanda kwaya inayambitsa nyimbo ya maliro ija. Mayi mmodzi ankatsogolera, mawu atasasa ndi kuchezera, enawo akuyankha. Onyamula bokosi ankaponda motsatira kugunda kwake. Akatekisiti ankaimba atatsinzina, misozi ikutsika, ndipo kumanda anauza khamu lonse kuti nyimboyo malemu anapatsidwa ndi Mzimu Woyera. Ndinafinya mfundo ya chitenje. Ndikanailiza, anthu akanati malemu ananamiza mpingo. Ndinaponya dothi langa, kaseti ili chimangire pa chitenje.

Madzulo anthu atabalalika tinatsala awiri m'nyumba, ine ndi alamu anga, akazi a malemu. Ndinaika kaseti ija motsitsa. Anamvetsera mpaka pamene akazi atatu aja amayankha.

"Anandifunsira nayo ukwati," anatero. "Anandiuza kuti munalonjeza, alamu. Kumanda kuja ndinkangoyang'ana inu."

Nyimbo inatha, wailesi n'kudzitseka yokha. Nkhuku zinali zitalowa kale m'khola ndipo panalibe tambala wolira, koma ndinatuluka panja ngati Petro atakana Mbuye wake.