Mbaula ya Malemu Amayi mu Galaja

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuno ku Sheffield kwazizira moti zala zimakanika kulowetsa ulusi pa singano. Paja ndimasokera mu galaja. Ndiye ndinatulutsa mbaula ya malemu amayi, ija ndinabwera nayo mu sutikesi, n'kukoleza makala, n'kutseka chitseko.

Mayi a Chisomo pobwera ku ntchito anakuwa: "Bambo a Chisomo, mukufuna kudzipha? Makala m'nyumba yotseka amapha!" Anathirapo madzi.

Akunena zoona. Koma abale, fungo lija! Kwa kanthawi ndinali pakhonde ku Ndirande mu Juni, amayi akutembenuza mbatata ndi zala.

Tsopano Mayi a Chisomo akuti ndisankhe hita, yamagetsi kapena yagasi. Achimwene a ku Salford, yabwino ndi iti? Ine ndaziona zonse m'sitolo, palibe ikununkhira kwathu.