Mwana Amene Sanali M'kaundula

A Nabanda, lero ndaperekeza mdzukulu wanga kukakwera basi ku Al Qusais, kuno ku dziko la Aluya kumene tikukhala. Kalasi yawo ikukaona linga lakale. Ndawerenga ana 19 okha. Enawo anabwerera kumayiko kwawo makolo atachotsedwa ntchito.

Ndakumbukira inu, mphunzitsi mnzanga, tsiku lija tinatenga Sitandade 5 kukaona zojambula zapamiyala ku Chongoni. M'kaundula munali ana 43, koma mu lole ndinawerenga mitu 44, katatu konse. Inu munaseka: "Amayi Phiri, mwawerenganso ine, pajatu ndine wamfupi." Bodza, munakhala kutsogolo ndi dalaivala! Mpaka pano ndimaganiza kuti uja anafunda chitenje kumutu anali Esinati, yemwe bambo ake anamusiyitsa sukulu. Munamwalira osaulula. Ngati anali iyeyo, munachita bwino. Koma ine sindinalakwitse.