Mahatchi Khumi ndi Asanu a Kaputeni

Dzina loti Kaputeni anadzipatsa okha, ndipo anthu analilandira mochedwa. Poyamba anali wokonza maambulera ndi mawotchi pakhonde la sitolo ina, ntchito yokhala pansi tsiku lonse, imene inawasiyira mimba yotsogola ndi chikhulupiriro choti chilichonse chowonongeka chimangofuna waya. Malume awo atamwalira anawasiyira boti lamatabwa, lobiriwira, lokhala ndi denga la lona ndi injini yopachika kumbuyo. Ntchito ya botilo inali kuwolotsa anthu pamtsinje waukulu wogawa tauni pawiri: tsidya lino msika ndi nyumba, tsidya linalo chipatala ndi fakitale yocheka matabwa. A Kaputeni anagula chipewa choyera, maambulera n'kuwasiya.

Botilo silinkadziwa changu. Anthu ankati ukakwera ndi nthochi zosapsa umakatsika zitapsa. A Kaputeni sankadandaula nazo. Ankakonda kucheza, ndipo munthu ali pakati pa madzi sangakuthawe nkhani isanathe.

Mtendere wawo unatha padoko patabwera mayi wina amene kale ankayendetsa minibasi, atagula boti loyera ndi injini yatsopano. Anthu anamutcha Namondwe. Chimene chinkawapweteka a Kaputeni sichinali kupitiriridwa ayi, koma ulemu wa mayiyo. Akamawadutsa ankachepetsa moto kuti mafunde asawanyowetse, n'kunena kuti, “Mwadzuka bwanji, bambo?” Akatsitsa anthu ake tsidya, pobwerera ankawapeza akadali pakati pomwepo, n'kuwapatsanso moni.

“Munthu mmodzi kundilonjera kawiri ulendo umodzi,” anadandaula kunyumba. Akazi awo, omwe anali telala, anali pamakina, mapini ali kukamwa. “Chonsecho injini yanga si yamasewera. Ili ndi mphamvu za mahatchi khumi ndi asanu. Zinalembedwa pachivundikiro.”

Mayiwo analavulira mapini m'dzanja. “Nanga amoyo alipo angati?”

M'mawa mwake a Kaputeni anapita kusitolo ya mainjini. Anasisita injini yatsopano, anainunkhiza, kenako anatembenuza kapepala ka mtengo. Wogulitsa anachita kuwabweretsera mpando ndi madzi akumwa. Potuluka anali ataganiza kale: mphamvu m'injini yawo zinalimo, zinangogona, ndipo kudzutsa chogona sikulira thumba.

Wowathandiza anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, makaniko wa njinga zamoto. Alamuwo sankadziwa kusambira ndipo anali asanagwirepo injini ya pamadzi, koma funso lililonse ankaliyankha ndi mawu amodzi: “Zitheka.”

Anayamba ndi zanzeru. Anatsuka kabuleta, anasintha mapulagi, anathira oilo watsopano. Injini inayamba kulira akangokoka chingwe kamodzi, koma liwiro linali lomwe lija.

“Ikubanika, alamu,” anatero makanikoyo. “Utsi ukusowa potulukira. Njinga tikaiboola paipi imachita kuuluka.”

Anaboola. Phokoso limene linatuluka pamenepo linathamangitsa mbalame zonse za m'bango, ndipo agalu a tsidya anayamba kuuwa botilo lisananyamuke. Tsiku loyamba anthu anagwiritsitsa mabenchi poganiza kuti akuthamanga kwambiri, mpaka mayi wina analoza bakha amene ankasambira pambali pawo, osatsala m'mbuyo, nthawi zina n'kumaima kuti adzikande.

Kenako anakapeza pulopela yaikulu yopalasira madzi kumalo ogulitsa zitsulo zakutha. Ataimanga, injini inabuula ngati munthu wonyamula kabati yekha, ndipo tsiku limenelo Namondwe anawalonjera katatu. Pulopelayo inabwerera kwawo.

“Ndiye kuti vuto ndi kulemera,” anatero a Kaputeni. Anachotsa denga la lona. Anachotsa nangula, bokosi la masipanala, ndi mabenchi a pakati, anthu n'kumakhalira zidebe. Madzulo akufotokoza kunyumba kuti palibenso cholemera chimene chatsala, akazi awo anaimitsa makina. Anangowayang'ana pamimba mpaka bambowo anakoka malaya. Kuyambira pamenepo a Kaputeni ankakana chakudya chamadzulo, ati akuthandiza injini. Wogulitsa mabanzi padoko ndi yekhayo amene ankadziwa chifukwa chake sankaonda.

Nzeru yaikulu inabwera ndi alamu. Kwinakwake anapeza kainjini kakang'ono kakale, kopanda chivundikiro, mwini wake atakasiya ngati chinyalala. Anakadzutsa.

“Tikaphatikiza ziwiri, mahatchi achuluka,” anatero. “Yanuyo tiisunthira kumanzere, aka tikapachika kumanja. Chogwirira chake tichimanga ndi waya kuti kazingoyang'ana kutsogolo. Inu muziwongola ndi yaikuluyo basi.”

“Moto wake nanga?”

“Nawonso waya.”

A Kaputeni atamva za waya mtima unakhala pansi.

M'mawa woyesera botilo linadzaza. Munali namwino wopita kuntchito, bambo wina wonyamula chitseko chatsopano, ndi amayi a madengu a nkhuku. Alamu anatsala padoko, ati kuti aone bwino. Poyamba zinthu zinayenda. Madzi anachita thovu kumbuyo, ndipo a Kaputeni anamva kamphepo m'makutu, chinthu chimene anali asanachimvepo chikhalire Kaputeni. Atafika pakati, waya wa chogwirira unaterereka. Kainjini kaja kanapotokera kumbali n'kukakamira pomwepo, ndipo apa m'pamene zinadziwika kuti kanali ndi moyo kuposa kukula kwake. Boti linakhota. Linapitiriza kukhota. Anthu anaona chipatala, kenako msika, kenako chipatala.

A Kaputeni anakankha injini yaikulu mbali inayo ndi mphamvu zawo zonse. Bwalo lozungulira linangokula pang'ono. Anaizimitsa, bwalo linachepa, kuzungulira n'kufulumira. Kuti azimitse kakang'onoko panafunika pulayala yodulira waya wa moto, koma pulayala inali m'bokosi la masipanala, bokosilo lili pansi pa bedi kunyumba.

“A Kaputeni, tikulowera kuti?” anafunsa wachitseko uja, atachikumbatira ngati mwana.

“Tikuyesa mbali zonse, achimwene. Khalani pansi.”

Nkhuku zinayamba kugona cham'mbali. Tsidya ndi tsidya anthu anasiya malonda n'kudzaima m'mphepete, ena atakwera pamilu ya matabwa. Namondwe anabwera n'kuima chapatali, kudikira kuti a Kaputeni amuyang'anenso.

“Bambo, mukupita kapena mukubwera?”

Yankho silinamveke chifukwa anali atatembenukira kale kumsika. Petulo wa m'kainjiniko atatha, mayiyo anaponya chingwe n'kuwakoka mpaka kuchipatala. Namwino potsika anayang'ana wotchi yake ali dzandidzandi.

“Koma ndiye lero ndafika msanga kuposa masiku onse,” anatero.

Kunyumba mlandu sunatalike. “Ligulitseni,” anatero akazi awo. “Maambulera sanakuzungulitsenipo pamaso pa tauni yonse. Inunso achimwene, bwererani kunjinga zanu.”

Wogula anapezeka, bambo wofuna kunyamulira mchenga, koma anati alione kaye kunsi. A Kaputeni anadabwa nalo pempholi. Chilandirireni botilo anali asanaganizepo kuti lili ndi kunsi. Anaitana amuna a padoko, anaika mitengo pansi, analikokera pamtunda n'kulipendeketsa. Kenako onse anasuzumira kunsi kwake.

Ndere zinali lendelende, zazitali ngati ndevu. Nkhono zinamanga mudzi, mwina ndi sukulu yomwe. Pamsomali wina panakodwa ukonde wakale, ndipo mu ukondemo munali thayala la galimoto, dengu, ndi theka la njinga yakapalasa. Zaka zonsezi injini ija inkakoka katundu ameneyu popanda wonena zikomo.

Anapala ndi mafosholo, anamata ming'alu, anapaka utoto. Kainjini kaja anakachotsa, yakale n'kubwerera pakati. Wogula anati akufuna aone mmene limayendera, ndiye anakwera atatu: iye, a Kaputeni ndi akazi awo, amene anabwera kuti bambowo asasinthe maganizo. A Kaputeni anapotokola moto mpaka kumapeto monga ankachitira masiku onse.

Mphuno ya boti inadzuka. Madzi anang'ambika pawiri, doko linathawira kumbuyo, bango linkangodutsa waliwali. A Kaputeni anatsinzina. Manja anauma pachogwirira, pakamwa pakungotuluka mayina a abale awo amene anamwalira.

“Tsegulani maso, abambo, kutsogoloku kuli fakitale,” anatero akazi awo. Ataona kuti maso sakutseguka, anawasuntha ndi chigongono n'kugwira okha chogwirira. Anakhota bwinobwino ngati akutsata mzere wa choko pansalu, akuseka mpaka misozi. “Kodi moto wathera pomwepa?”

Atafika padoko a Kaputeni anatsika chokwawa, n'kukhala pansi kwa kanthawi. Kenako anaimirira, anakonza malaya, n'kuuza wogula kuti boti lothamanga chotere silinganyamule mchenga, ndipo silikugulitsidwanso. Akazi awo, kwa nthawi yoyamba pankhani ya botili, anagwirizana nawo.

Mabenchi ndi denga zinabwerera. A Kaputeni anapitiriza kuwolotsa anthu, koma moto sankaupitiriza theka. Okwera akapempha kuti awonjezere, ankati injini yokonzedwa mwaluso imafuna ulemu. Akazi awo anayamba ndi kuwalandira masana kuti akapume, kenako m'mawa, kenako makina osokera anavundikiridwa ndi nsalu n'kusanduka poika maluwa. Bambowo anapeza mpando padoko. Mlendo akafunsa kuti injini yakale chotere ikuthamanga bwanji, ankamufotokozera za kabuleta ndi mapulagi mpaka boti kumusiya.

Tsiku lina dzino linawavuta, tsaya n'kutupa, ndipo panafunika kupita kuchipatala. Anafika padoko m'mawa, anayang'ana akazi awo atakhala kumbuyo kwa boti, mpango atamanga zolimba, dzanja lili pamoto. Anati kuyenda pansi kumathandiza thupi, adzera kumlatho. Mlathowo unali kunja kwa tauni, kupitirira kotayira zinyalala. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'mawondo, n'kupeza akazi awo atakhala pabenchi pakhomo la dokotala wa mano, atawasungira malo ndi chikwama.

“Khalani apa,” anatero mayiwo akunyamuka. “Akakuzulani mundidikire padoko. Kapena mubwereranso wapansi?”

A Kaputeni anagwira tsaya, n'kuloza kuti sangathe kuyankhula.